Ntchito Imene Kwathu Salipiritsa

Kwathu ku Zomba munthu akamwalira palibe amene amafunsa kuti mwambo atsogolera ndani. Uthenga ukangofika kwa amfumu, aliyense amadziwa pake. Adzukulu amalawirira kumanda ndi makasu, amayi a Mvano amalowa m'siwa n'kuyambitsa nyimbo, anyamata amaika masamba pamsewu kuti wapanjinga atsike, ena amayenda khomo ndi khomo kutolera ufa ndi nkhuni. Nthawi ya zoyankhula ikakwana amaimirira woimira banja, wolengeza chipepeso, amfumu, kenako mwambo n'kuperekedwa m'manja mwa mpingo. Mwa anthu onsewa palibe amene amatambasula dzanja kuti alandire kanthu. Adzukulu amadya nsima yawo, basi.

Ine ndimakhala ku Leeds, kumpoto kwa England, ndipo ndimadya za ntchito yomweyo. Banja likaferedwa, kapena awiri akafuna kukwatirana, koma alibe mpingo kapena sakufuna kuti mwambo wawo ukhale wa tchalitchi, amaitana munthu wa ntchito yanga. Kuno amati celebrant. Ndimapita kunyumba kwawo, ndimamvetsera, ndimalemba mwambo wonse kuchokera pa mawu oyamba mpaka otsekera, tsiku likafika ndimaima kutsogolo n'kuuyendetsa. Ndikamaliza ndimatumiza invoisi. Bwana ndilibe, malipiro a pamwezi ndilibe, ndipo kutchula mtengo ndi kumene kwandivuta kuposa zonse, kuposa kulemba, kuposa kuima pafupi ndi bokosi.

Ntchitoyi si yamakedzana. Inayambira ku Australia mu 1973, pamene nduna yoona za malamulo, Lionel Murphy, inayamba kupereka mphamvu kwa anthu wamba zomangitsa maukwati aulemu wake kwa amene safuna kulowa m'tchalitchi. Woyamba kusankhidwa anali mayi, Lois D'Arcy. Ku England yakula chifukwa matchalitchi akuphwa. Kalembera wa 2021 anapeza kuti ku England ndi Wales odzitcha Akhristu atsika kufika pa 46 mwa anthu 100 aliwonse, koyamba kuchepera theka, pamene 37 anati alibe chipembedzo. Komatu anthu amenewa amafabe, amakwatiranabe, ndipo akafa ana awo safuna kuti thupi lingochoka chinunu. Amafuna wina aimirire, anene kuti munthuyu anali ndani.

Ndinabwera kuno mmene anabwerera ambiri a ife, kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Amene anagwirapo ya care akudziwa kuti imfa ili m'kati mwa shifiti. Umasambitsa agogo zaka ndithu, umadziwa kuti tiyi amamwa wa shuga wochuluka bwanji, umadziwa dzina la galu wawo amene anafa kalekale, kenako tsiku lina ukupeza chipinda chili mbee, zovala zili m'majumbo pakhomo. Poti ndinaleredwa kuti maliro sajomba, ndinkapempha kusinthana shifiti kuti ndikaperekeze. Anzanga ankadabwa, ena ankaganiza kuti ndikufuna tchuthi chaulere. M'maliro amenewo ndi mmene ndinaonera otsogolera a mitundu iwiri. Ena ankawerenga mawu oti ukhoza kufufuta dzina n'kulembapo lina popanda wozindikira. Koma tsiku lina mayi wina anayankhula za gogo amene ndinkawasamalira mpaka ine n'kumaganiza kuti ndi mwana wawo amene sankabwera kudzawaona. Titatuluka ndinamufunsa, n'kupeza kuti malemuwo sanawaonepo ndi kamodzi komwe. Zonse anazitola pa maola awiri atakhala pabalaza ndi ana awo. Ndinamufunsa kuti ntchito yotere munthu amailowa bwanji.

Sindinadumphe pompo. Visa ya care imakumangirira kwa amene anakulemba ntchito, ndipo malamulo a zimene ungachite pambali ndi othina. Ndinadikira mpaka mapepala okhalitsa atatuluka. Ndikunena izi chifukwa cha abale amene amandifunsa pa WhatsApp: mapepala anu musawaseweretse chifukwa cha kabizinesi.

Lamulo la kuno silifuna satifiketi kuti munthu atsogolere maliro. Mwana wa malemu, mnzawo wa kumowa, aliyense akhoza kuimirira. Koma makampani a maliro sapereka banja lolira m'manja mwa munthu wosaphunzira, choncho ndinalipira kosi, ndalama zoti zikanandifikitsa kumudzi n'kubwerera. Kenako inshuwaransi, kenako kukalembetsa ku HMRC, bungwe la msonkho la kuno, kuti tsopano ndikudzilemba ndekha ntchito. Chaka cha msonkho kuno chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo chaka chotsatira, ndipo fomu imayenera kulowa pa intaneti pofika pa 31 Januwale, pamodzi ndi ndalama zake. Ku care msonkho ankadula ndisanauone. Pano ndalama imalowa yonse yathunthu n'kumakunamiza kuti ndi yako. Ya msonkho ndimaipatula tsiku lomwe yalowa ndipo ndimaisunga ngati chimanga cha mbewu, chimene ngakhale njala ya Febuluwale ifike pakhosi suchigayitsa.

Chimene kosi sinandikonzekeretse ndi kuti ntchito ya maliro siibwera kudzera pa webusaiti kapena pa Facebook. Munthu amene bambo ake amwalira dzulo sakhala pa Google kufunafuna wodzayankhula. Amapita ku kampani ya maliro, ndipo mayi amene wakhala pa desiki kumeneko ndi amene amatchula dzina. Ndiye umavala suti yakuda n'kumagogoda zitseko za makampani amenewa, Leeds yonse, Bradford, Wakefield, uku utanyamula timakhadi. Amakulandira bwino, amakupatsa tiyi, khadi n'kulowa m'dirowa. Ali kale ndi anthu awo amene amawadalira, aphunzitsi opuma, apolisi opuma, ena anali abusa. Pa kampani ina bambo wina anandifunsa mosapita m'mbali ngati okalamba a dera lino la Yorkshire angamve Chingerezi changa. Ndinamuyankha kuti ndatha zaka ndikuyankhula ndi okalamba a ku Yorkshire amene makutu anagontha kale, ndipo mankhwala ankamwa olondola. Anaseka. Ine ndinakakwiyira m'galimoto. Ntchito yoyamba inabwera m'nyengo yozizira, pamene maliro amachuluka ndipo munthu wawo wa nthawi zonse anali atagwidwa ndi chimfine. Mashifiti a usiku sindinawasiye msanga. Lendi siyembekeza kuti dzina lako lidziwike.

Anthu amaganiza kuti ntchito yanga ndi kuyankhula. Kuyankhulako ndi mphindi 20. Ntchito yeniyeni ili pabalaza la anthu osawadziwa, patangopita masiku ochepa chimwalirireni munthu wawo.

Ndikukumbukira nyumba ina kufupi ndi Wakefield, dera limene kale linali la migodi ya malasha. Malemu anali bambo wa m'migodi, ndipo anandilandira ndi ana awo awiri aakazi, wina atakhala kumapeto kwa sofa, wina ataima pakhomo la kukhitchini, osayang'anana. Mpando wa malemu unali pafupi ndi zenera, magalasi awo akadali pamkono pake, ndipo palibe amene anandiuza kuti ndisakhalepo koma ndinadziwa. Ndinayamba ndi mafunso ozolowereka. Anabadwa liti, anakwatira liti, anagwira kuti. Mayankho ankabwera a liwu limodzi limodzi. Kwathu mbiri ya malemu imathera pomwepo: anabadwa chaka chakuti, sukulu anaphunzira kwakuti, asiya ana angapo ndi zidzukulu zingapo, anadwala nthawi yochepa. Imakwana chifukwa onse amene akhala pansi pa mtengo paja munthuyo akumudziwa kale. Kuno sikwana. Ndiye ndinatseka kope n'kufunsa kuti, "Bambo anuwa akakwiya ankatani?"

Wa pakhomo uja anaseka kamodzi, kuseka kowawa. Anati sankakalipa, ankangosiya kukuyankhula. Ndipo nkhani inatseguka. Pa sitiraka ya anthu a m'migodi ya 1984 mpaka 1985 bambowa anakhala chaka chonse osapita kuntchito, banja likudya za m'makhitchini a chithandizo. Mng'ono wawo, ana ali ndi njala, anabwerera kumgodi sitiraka isanathe. Kuchokera pamenepo awiriwa sanayankhulanenso, ngakhale pa maliro a mayi awo. Migodi inatsekedwa, womaliza wakuya wa Kellingley unatseka mu Disembala 2015, koma chidanicho chinakhalabe chotsegula. Mwana wamkulu ankaona kuti bambo ake anali ngwazi. Wamng'ono ankaona kuti anawononga banja chifukwa cha liuma. Ndipo mng'ono wa malemu uja, tsopano nkhalamba ya ndodo, anali atanena kuti ku maliro abwera.

Apa m'pamene pali luso lonse la ntchitoyi. Ukanama, kuti anali munthu wa anthu, wokonda aliyense, theka la anthu m'chipindamo limadziwa kuti walipidwa kuti uname, ndipo limasiya kumvetsera. Ukanena zonse, wayalutsa banja pa tsiku limene silingathe kudziteteza. Ndinalemba kuti anali munthu wosabweza mawu ake, kuti kusabweza kumeneku kunapatsa banja lake ulemu m'dera lonse, komanso kuti kunalilanda zinthu zina zimene sizinabwerenso. Ndinawawerengera ana awiriwo pafoni, aliyense payekha, tsiku lisanafike. Wamkulu anakhala chete nthawi yaitali kenako anati ndisasinthe. Wamng'ono anati ndionjezere kuti ankalima tomato wabwino. Ndinaonjezera.

Izi sindinaziphunzire ku kosi. Ndinaziphunzira kwa amalume anga, amene anali nkhoswe wa maukwati ambiri pamtundu pathu. Mlandu wa banja ukabwera, iwo ankakhala pa khonde mutu uli pansi, akusenda nzimbe, kusiya mkazi anene zonse, mwamuna anene zonse, mpaka onse mawu atawathera. Akatsegula pakamwa ankanena zochepa, ndipo aliyense ankapezamo mbali yake. Ndili mwana ndinkaona ngati akugona.

Tsiku la mwambo ndi nkhani ya wotchi. Kuno anthu pafupifupi 8 mwa 10 aliwonse amawotchedwa, saikidwa m'manda, mwambo umene unayamba mu 1885 ku Woking. Ku crematorium, malo owotchera mitembo, banja lililonse limapatsidwa nthawi yake, malo ambiri mphindi 30 kapena 45, ndipo m'menemo muli kulowa, kukhala, nyimbo, mawu, kutuluka. Iwe ukuyankhula, galimoto ya maliro ena yafika kale panja. Mukapitirira, malo ambiri amalipiritsa banja, ndipo kampani ya maliro siidzakuitananso. Ndiye kunyumba ndimawerenga mwambo wonse mokweza, foni ikuwerenga mphindi. Vuto ndi wachibale amene wapatsidwa mphindi zitatu n'kutulutsa mapepala asanu m'thumba. Sungamulande maikolofoni. Umangosendera pafupi pang'onopang'ono, n'kumugwira pachigongono, uku m'mutu ukudula ndime zako. Ndikakumbukira alaliki a kwathu amene amatha kugwira Baibulo mpaka dzuwa kupendeka, adzukulu akung'ung'udza kumanda, ndimaona kuti kuno sangathe sabata.

Pagome loyankhulira pali kabatani. Ukakadina, makatani amatseka pang'onopang'ono kubisa bokosi, ndipo anthu amatulukira khomo lina kukaona maluwa. Ulendo woyamba m'mimba munanditentha. Palibe dothi loponya, palibe kudikira kuti dzenje lidzaze, palibe kuitana mayina kuti akaike nkhata. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti kuona manda akukwiriridwa kumathandiza mtima kuvomereza mwanjira imene katani silingathe. Choncho mbali imeneyi sindiithamangira, ngakhale wotchi ikunditsina. Ndimadula kwina kuti pamenepa anthu aimirire, amene akufuna akagwire bokosi, ana aikepo kalata kapena duwa. Mabanja ena amapempha kuti makatani asatseke n'komwe, atuluke bokosi likuoneka. Ndimawamvetsa.

Tsopano za ndalama. M'dera lathu lino mwambo umodzi wa maliro umalipidwa pakati pa mapaundi 200 ndi 300, ndipo nthawi zambiri imadzera ku kampani ya maliro, imene imaiphatikiza pa bilu ya banja. Mukaisintha m'makwacha muganiza kuti ndalemera. Chotsanipo petulo wa maulendo awiri, maola a pabalaza, usiku wolemba, mafoni okonza dzina limene linalakwika, msonkho, inshuwaransi. Ukadwala palibe amakulipira. Tchuthi ndi masiku amene sunapeze ndalama. Penshoni umadzisungira wekha. Pali masabata a maliro anayi, pali masabata amene foni imangokhala duu mpaka umaiyang'ana ngati yathima.

Amayi anga nditawafotokozera ntchito yatsopanoyi anakhala kaye chete, ine n'kumaganiza kuti netiweki yadula.

"Ndiye ukuti anamfedwa akulira, iwe n'kumawerenga ndalama?"

"Amayi, kunotu kulibe amfumu, kulibe a Mvano, kulibe adzukulu. Zonse amachita kugula."

"Ndiye kuti iweyo ndiwe mudzi wawo waganyu?"

Ndinalibe poyankha, ndipo funsolo linandikhala miyezi. Amayi avala yunifolomu ya Mvano zaka zambiri, agona pamphasa m'masiwa osawerengeka, ndipo kwa iwo kulandira ndalama pa maliro ndi chinthu chonyansa. Koma nditaganiza bwino ndinaona kuti kwathunso maliro si aulere. Timati maliro n'kulirana, ndipo mawuwa ndi a ngongole. Umalipira ndi mbale ya ufa, ndi usiku wogona panja, ndi msana wako pokumba. Aliyense akudziwa zimene zimachitikira munthu wojomba maliro a anzake: tsiku limene zamugwera, adzukulu amakhala pansi n'kumuuza kuti ayambe yekha kukumba, kapena amfumu amamulipiritsa kaye mwambo usanayambe. Kaundula alipo, kungoti salembedwa papepala. Kuno kaundula ameneyo anang'ambika. Ana ali ku London, ena ku Spain, woyandikana naye nyumba sukumudziwa dzina. Munthu sangabweze ngongole ya maliro ndi thukuta kwa anthu amene sadzawaonanso, ndiye amabweza ndi mapaundi. Sindikuti n'zabwino kuposa zathu. Ndikuti ntchitoyo ikufunika kugwiridwa, ndipo amene waigwira bwino asachite manyazi kudya. Ndiponso tisadzinamize, ku Blantyre ndi ku Lilongwe matenti, mipando, basi yonyamula anthu, zonse n'zahayala, ndipo MC wa ukwati saimirira ulere.

Chimene chikutidyera msika ndi mtundu wa maliro otsika mtengo amene akulengezedwa kwambiri pa TV, oti kampani imangotenga thupi, kukawotcha popanda mwambo, phulusa n'kubweretsa kunyumba. Anakula nthawi ya COVID-19, pamene boma linkaloleza anthu 30 okha pa maliro, ndipo anthu atazolowera sanabwerere onse. Ena mwa mabanja amenewa amandiimbira pakapita miyezi, akuti pali chimene sichinathe, tichite mwambo wokumbukira mu holo kapena m'munda. Amenewo ndimawakonda chifukwa kulibe wotchi.

Palinso maliro a khonsolo. Lamulo la 1984 limalamula khonsolo kuika kapena kuwotcha munthu amene wamwalira popanda womuika. Ndinatsogolerapo ena amene m'chipinda monse munali ine, onyamula bokosi, ndi mtsikana mmodzi wa care atavala yunifolomu pansi pa jekete. Zimene ankadziwa za malemu zinali zoti ankakonda mpira wa rugby ndiponso ankadana ndi nandolo za m'chitini. Tinanena zomwezo, mwaulemu wake, mpaka nthawi yathu inakwana. Otere sindiwerengera mtengo wonse, ndipo a makanda sindilipiritsa. Ubwino wokhala wopanda bwana ndi umenewo, palibe amene ndimakamupempha chilolezo.

Mwina mukuganiza kuti makasitomala anga ambiri ndi Amalawi. Ayi ndithu. Mmalawi akamwalira kuno, gulu la WhatsApp limatsegulidwa tsiku lomwelo, mndandanda wa zopereka umayamba kuyenda, anthu amasonkhana madzulo aliwonse m'kanyumba ka anamfedwa, nsapato zili mbwee pakhomo, nyimbo zikuimbidwa motsitsa kuopa oyandikana nawo. Cholinga chimakhala chimodzi, kuti thupi lipite kumudzi. Pamafunika chilolezo cha coroner, mkulu wofufuza za imfa, kuti lituluke m'dziko, pamafunika ndalama zambiri, ndipo poti kulibe ndege yolunjika limadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi lisanatere ku Lilongwe kapena ku Chileka. Abusa alipo, akulu a mpingo alipo, mudzi umadzimanga wokha ngakhale pa fulati ya m'mwamba. Ine akandifuna amati, "Achemwali, tithandizeniko pulogalamu." Ndipo poti ndine mayi, pamakhala malire ake. Bambo wina wachikulire anandiuza mwaulemu kuti, "Amayi, inu mungowerenga mbiri, zinazi mutisiyire." Ine munthu amene dzulo lake ndinayendetsa ndekha mwambo wa anthu odzaza chipinda. Sindinalimbane nawo, ndinawerenga mbiri, kenako n'kukathandiza kupakula. Kumeneko sinditchula mtengo ndipo sindidzatchula. Langa thupi lidzafunanso tikiti, ndipo amene adzasonkhe ndi omwewo.

Amene amandiimbira ngati kasitomala ndi ana athu obadwira kuno, amene tchalitchi anasiya, anakwatirana ndi azungu kapena a mitundu ina, Chichewa amamva koma kuyankha amayankha m'Chingerezi. Kholo likamwalira n'kuikidwa konkuno amasowa pogwira. Safuna ulaliki wa ola lathunthu, komanso safuna kuti mayi awo apite ngati munthu wopanda kwawo. Mwambo wotere ndimauyendetsa m'zinenero ziwiri, foni itaimikidwa pa mpando wakutsogolo kuti a kumudzi aonere. M'nyengo yozizira Malawi amakhala patsogolo ndi maola awiri, yotentha ola limodzi, ndiye ndimakumbutsa banja kuti liuze a kumudzi nthawi yolondola, ndiponso kuti wina awatumizire ya bandulo.

Maukwati ndi dziko lina. Amabwera m'miyezi yotentha, amalipira kuwirikiza katatu kapena kuposa, amasungitsa tsiku chaka chisanafike, ndipo pa dipoziti sindinyengerera. Loweruka lililonse kuyambira Meyi mpaka Seputembala umaliiwala. Koma pali chinthu chimene ndimauza awiri aliwonse pa kukumana koyamba, ndipo ndimachilembanso pa pangano: mwambo wanga si ukwati pamaso pa boma. Ku England ndi Wales lamulo lalikulu la maukwati ndi la 1949, ndipo limayang'ana kwambiri nyumba imene ukwati ukuchitikira ndi amene ali ndi mphamvu m'nyumbamo. Ine mphamvu imeneyo ndilibe. Awiriwo amayenera kukapereka chidziwitso ku ofesi ya registrar, wolembetsa maukwati wa boma, masiku osachepera 29 tsiku lisanafike, kukalumbira pamaso pa mboni ziwiri, kusaina, basi. Ambiri amachita zimenezi pakati pa sabata atavala wamba, kenako Loweruka n'kubwera kwa ine. Ku Scotland zinthu n'zomasukirapo, a gulu la humanist, la anthu osatsata chipembedzo, akhala akumangitsa maukwati ovomerezeka kuyambira 2005. Kuno bungwe lounika malamulo la Law Commission linalangiza mu Julayi 2022 kuti lamulo lisinthe, mphamvu ikhale mwa womangitsa osati m'nyumba. Pa nkhani iyi Malawi ali patsogolo: lamulo lathu la 2015 limavomereza ukwati wa mwambo wa makolo pamodzi ndi wa kumpingo ndi wa kwa DC, ndipo zaka 18 ngati msinkhu woyambira kulowa m'banja tinazikhazikitsa kale, England n'kudzatsatira mu 2023.

Nanga anthu amalipiriranji mwambo wopanda mphamvu ya boma? Chifukwa pa ukwati wa registrar saloleza pemphero kapena nyimbo ya Mulungu. Ndiye taganizani mtsikana amene mayi ake ndi a Chigwirizano, bambo ake ndi Msilamu wa ku Mangochi, mnyamata ndi mzungu wosapemphera. Tchalitchi sichiwakwana, mzikiti suwakwana, ofesi ya boma ikuletsa agogo kuimba. Kwa ine zonse zimalowa, bola zikonzedwe mwanzeru kuti pasakhale wochita manyazi.

Ukwati wina wotere unachitikira m'khola lakale la ng'ombe limene analisandutsa holo, kumidzi ya ku Yorkshire. Mtsikana anali wa kwathu, mnyamata wa konkuno. Banja la mtsikana linkafuna kuti chinkhoswe chilowemo, ndiye ndinakhala pansi ndi makolo a mnyamata kuwafotokozera kuti kwathu ukwati sumangidwa ndi awiri okha, mbali iliyonse imapereka munthu amene adzaimire banjalo zikavuta. Anasankha amalume a mnyamata, bambo wodekha amene anapuma ntchito ya ku banki. Anandifunsa kuti udindowu umatha liti, akuganiza kuti mwina ukatha mwambo wodula keke. Ndinawauza kuti umatha mmodzi akamwalira. Anavula magalasi n'kuwapukuta.

Tambala ndi msoti zamoyo eni malo anakana, ndiye azakhali a mtsikana anabwera ndi zosema kuchokera kumudzi, ndipo nkhuku yoti ankhoswe agawane inali yootcha ya m'sitolo. Atsikana anabwera atafunditsidwa zitenje kumutu mpaka kumapazi kuti akuchimuna aloze wawo, ndipo amalume a ku banki aja analoza wolakwika kawiri, akulipira uku holo yonse ikugwa ndi phwete. Pa perekaniperekani panali vuto limene aliyense wokonza ukwati wa Amalawi kuno amalidziwa: ndalama yapepala yaing'ono kwambiri ndi ya mapaundi asanu, ndipo palibe amene angavine nyimbo yonse akuponya zimenezo, pamene yachitsulo ukamuponyera mkwatibwi ndi mlandu. Ena amagula madola a imodzi imodzi. Awa anasindikiza timapepala tawo tokhala ndi nkhope za akwati, anthu n'kumagula patebulo la makashiya ndi khadi la ku banki. Agogo a mnyamata, a zaka za m'ma 80, anagula mulu wonse ndipo anakana kuchoka pabwalo mpaka utatha.

Chaka chisanathe foni inalira, nambala yosaidziwa. Anali amalume aja. Anati awiriwo ayambana, mtsikana wapita kukagona kwa mnzake, ndipo iwo akukumbukira kuti analonjeza kanthu pamaso pa anthu koma sakudziwa poyambira. Ndinawauza kuti imeneyo si ntchito yanga, ndi yawo, ndipo nkhoswe sagwira yekha. Ndinawapatsa nambala ya ankhoswe anzawo a kuchikazi, amene anali atabwerera kwawo ku Chilomoni, n'kuwalangiza kuti ayambe ndi kufunsa za moyo wa onse kunyumba asanatchule nkhani, ndipo foni ikapanda kulowa ayesenso madzulo, mwina magetsi anali atazima.